Tsoka Silinunkha: Mapu a Chernobyl ndi Buku Lathu la Mvula

Akonzi a kalata yathuyi atandipempha kuti ndilembeko nkhani ya mbiri yakale, poyamba ndidakana. Ndidawauza kuti Histole ndidaisiyira ku Fomu 2, ndipo ntchito yanga m'boma ndi yoona za ndalama za mapulojekiti. Koma akonzi athuwa mukuwadziwa; kuyambira ali pulifekiti wa hositelo sankamva mawu akuti ayi. Choncho ndalemba. Nkhani imene ndasankha ndi ya ngozi ya ku Chernobyl ya m'chaka cha 1986, makamaka mmene dziko lidadziwira za ngoziyo ndi mmene anthu adajambulira mapu osonyeza kumene poizoni wake adagwera. Chimene chandichititsa kusankha nkhani ya kutali chotere chili kuseri kwa labotale yathu yakale.

Amene mudali pasukulu m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira kabokosi koyera ka miyendo inayi kamene kadali kuseri kuja, ndi chitini choyezera mvula pambali pake. Aphunzitsi a Jogalafe adatigawa awiriawiri kuti m'mawa uliwonse, tisanapite ku asembule, tizikawerenga kutentha ndi kuyeza madzi a m'chitinimo, n'kulemba m'buku lachikuto chakuda. M'dzinja ntchitoyi inkakoma. Koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala tinkangolemba 0.0, mawa 0.0, mkuja 0.0. Sabata ina ine ndi mnzanga tidaganiza zodzipeputsira ntchito, ndipo Lolemba tidalemberatu maziro mpaka Loweruka. Lachitatu aphunzitsi adatsegula bukulo n'kupeza kuti tayeza kale mvula ya masiku amene kudali kusanache. Chilango chidali kukumba dzenje la zinyalala. Tikukumba adatiuza kuti ziro amene munthu wapita kukayeza ndi nambala ngati ina iliyonse, koma ziro wolembera pabedi ndi bodza. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi nkhanza chabe. Ndidawamvetsa patapita zaka zambiri, nditawerenga mbiri imene ndikufuna kukusimbiraniyi.

Cheza chimene maso saona

Pali miyala ndi zitsulo zina, monga yureniyamu, zimene timaatomu take sitikhazikika. Timasweka tokha pang'onopang'ono, ndipo posweka timatulutsa cheza chimene asayansi amachitcha rediyeshoni. Chezachi chilibe mtundu kapena fungo, ndipo khungu silichimva. Chikachuluka kwambiri chimapha munthu m'masabata ochepa, ndipo chocheperapo chikhoza kuyambitsa khansa patapita zaka. Makolo athu adati tsoka silinunkha, ndipo palibe tsoka limene mwambiwu umaliyenera kuposa ili.

Woyamba kuchizindikira adali Mfalansa wina, Henri Becquerel, m'chaka cha 1896. Iye adapeza kuti mchere wa yureniyamu umadetsa galasi lojambulira zithunzi ngakhale galasilo litakulungidwa m'pepala lakuda. Dzina lake ndilo lidasanduka muyeso: becquerel mmodzi ndiye kuti kaatomu kamodzi kakusweka pa sekondi iliyonse. M'chaka cha 1928 Ajeremani awiri, Hans Geiger ndi Walther Müller, adakonza kachipangizo kamene kamalira kuti tche, tche, tche cheza chikakadutsa.

Kachipangizoka sikakhala chete kulikonse kumene mungakaike. Cheza chochepa chili m'dothi, m'miyala, m'njerwa za nyumba zathu, m'zakudya ndi m'matupi athu omwe, ndipo china chimachokera kuthambo. Kuchuluka kwake kumasiyana malo ndi malo. Tsono woyeza akangomva kulirako sanadziwebe kanthu. Ayenera kudziwa ngati lero kakulira kwambiri kuposa dzulo ndi dzana pamalo omwewo, ndipo izi zimatheka pokhapokha ngati wina adayeza ndi kulemba masiku amene kudalibe vuto.

Usiku wa pa 26 Epulo

Chernobyl adali malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya kumpoto kwa Ukraine, pafupi ndi malire a Belarus. Nthawi imeneyo maiko awiriwa adali mbali ya Soviet Union. Pamalopo padali ng'anjo zinayi. Loweruka pa 26 Epulo 1986, nthawi ili 1:23 usiku, akatswiri ali mkati moyesa makina, ng'anjo yachinayi idaphulika n'kusasula denga. Utsi ndi fumbi la poizoni zidapitirira kutuluka kwa masiku pafupifupi 10.

Kulakwitsa koyamba pa nkhani yoyeza kudachitika usiku womwewo. Zipangizo zimene ogwira ntchito adali nazo m'manja zidali zoyezera cheza chochepa cha masiku onse, ndipo muyeso wake unkathera pa 3.6 roentgen pa ola. Singano zidakafika pamapeto n'kuima. M'malo monena kuti chipangizo chalephera, nambala yomweyo ya 3.6 ndiyo idalowa m'malipoti oyamba opita kwa akuluakulu, chonsecho pafupi ndi ng'anjoyo cheza chidali chochuluka kuwirikiza nambalayi ka zikwi zingapo. Zili ngati kukweza ng'ombe pasikelo yothera pa makilogalamu 50, n'kulemba kuti ng'ombeyo ikulemera makilogalamu 50.

Anthu awiri adafa tsiku lomwelo. Ogwira ntchito ndi ozimitsa moto 134 adadwala matenda obwera ndi cheza chochuluka, ndipo 28 mwa iwo adamwalira m'miyezi yochepa. Mzinda wa Pripyat, wa anthu pafupifupi 49,000, udali makilomita atatu okha kuchokera pamalopo. Loweruka limenelo ana adapita kusukulu monga mwa nthawi zonse, ndipo mabasi osamutsa anthu adayamba kunyamuka Lamulungu masana, patapita maola 36. Maiko oyandikana nawo sadauzidwe kanthu.

Nsapato za ku Forsmark

Lolemba m'mawa pa 28 Epulo, pamalo ena opangira magetsi a nyukiliya otchedwa Forsmark, kumpoto kwa Stockholm ku Sweden, katswiri wina dzina lake Cliff Robinson adadutsa pachipata choyezera cheza monga ankachitira tsiku lililonse. Belu lidalira. Adadabwa, pakuti adali asanalowe n'komwe kumene kuli ng'anjo. Posakhalitsa belulo lidayamba kulirira anthu enanso amene ankangochokera panja. Atayeza nsapato adapezamo fumbi la mtundu umene umachokera mu ng'anjo ya nyukiliya.

Poyamba Aswedeni adaganiza kuti ng'anjo yawo yomwe ndiyo ikudontha. Adatulutsa ogwira ntchito ambiri n'kufufuza paliponse, koma sadapeze chovuta. Kenaka malo ena oyezera m'Sweden momwemo ndi ku Finland adanenanso kuti nambala zawo zakwera. Akatswiri a zanyengo adatsata kumene mphepo idachokera m'masiku awiri apitawo, ndipo adapeza kuti idachokera kum'mwera chakum'mawa, kutsidya kwa nyanja ya Baltic. Boma la Sweden lidafunsa ku Moscow, ndipo poyamba adayankha kuti sakudziwapo kanthu. Koma madzulo a tsiku lomwelo, cha m'ma 9 koloko, wailesi ya kanema ya ku Moscow idawerenga chilengezo cha ziganizo zochepa chovomera kuti ku Chernobyl kwachitika ngozi.

Chomwecho chinsinsi cha dziko limodzi mwa maiko awiri amphamvu kwambiri nthawi imeneyo chidaululika pachipata chimene chidali makilomita oposa 1,000 kuchokera pamalo a ngoziyo, chimene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali kuyeza anthu osawapeza ndi kanthu. Ine amene ndimakhala nawo pamisonkhano ya bajeti ndikudziwa mmene ntchito yotere imaonekera papepala. Imadya ndalama chaka ndi chaka, ndipo palibe nyumba kapena msewu woti nduna ikatsegulire. Ndalama zikachepa, cholembera chofiira chimayambira pamzere umenewu.

Mkaka ndi chithokomiro

Mwa mitundu yambiri ya poizoni imene idatuluka, iwiri ndiyo idavuta kwambiri anthu wamba: ayodini-131 ndi caesium-137. Ayodini timamudziwa chifukwa cha mchere wa m'sitolo. Thupi limamusunga m'chithokomiro, pakhosi, ndipo silisiyanitsa ayodini wabwino ndi wa poizoni. Njira imene adadzera idali yachidule: fumbi lidagwera pamsipu, ng'ombe zidadya msipuwo, ana adamwa mkaka. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu ya ayodini-131 imatsika ndi theka masiku 8 aliwonse, motero pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala atatha. Kuteteza ana kumangofuna zinthu ziwiri: kuwaletsa mkaka wa ng'ombe zodya kudambo kwa masabata angapo, ndi kuwamwetsa ayodini wabwino kuti chithokomiro chidzaze, wa poizoniyo asowe malo. Koma izi ziyenera kuchitika m'masiku oyambirira enieni.

Ku Poland zidachitika chomwecho. M'mawa wa pa 28 Epulo malo oyezera a ku Mikołajki, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, adaona kuti cheza cha mumpweya chakwera modabwitsa. Asayansi a ku Warsaw, motsogozedwa ndi Zbigniew Jaworowski, adapita ndi nambalazo kwa akuluakulu a boma. Boma la Poland lidali la chikomyunizimu ndiponso bwenzi la Moscow, komabe silidadikire chilolezo. Kuyambira pa 29 Epulo lidayamba kumwetsa anthu madzi a ayodini otchedwa Lugol, ndipo m'masiku ochepa anthu pafupifupi 18 miliyoni, ambiri mwa iwo ana, adali atamwa.

M'midzi yambiri ya ku Belarus, Ukraine ndi Russia, imene idali pafupi kwambiri ndi ngoziyo, uthenga sudafike msanga. Mabanja adapitirira kupatsa ana mkaka wa ng'ombe zawo zapakhomo. Pa 1 Meyi ku Kyiv ndi ku Minsk anthu, ana omwe, adaguba m'misewu pachikondwerero cha tsiku la apantchito. Zotsatira zake zidayamba kuoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Komiti ya asayansi ya bungwe la United Nations yoona za rediyeshoni idawerengera kuti pofika 2005, anthu oposa 6,000 amene adali ana kapena achinyamata m'chaka cha 1986 adali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro m'maiko atatuwa, ndipo idati gawo lalikulu la matendawa lidabwera chifukwa cha mkaka uja. Ambiri adapulumuka atachitidwa opaleshoni, koma ayenera kumwa mankhwala moyo wawo wonse.

Mvula ndiyo idajambula mapu

M'masiku oyambirira boma la Soviet Union lidalemba mzere wozungulira pamapu, makilomita 30 kuchokera pang'anjo, n'kusamutsa anthu a mkati mwake. M'chaka cha 1986 adasamutsa anthu pafupifupi 116,000. Mzere wozungulira ndi wosavuta kujambula, koma fumbi silidautsate. Lidatsata mphepo, imene idasintha kangapo m'masiku 10 aja, ndipo lidagwa kwambiri paliponse pamene mtambo wake udakumana ndi mvula. Mudzi umene udalandira mvula tsiku limenelo udaipitsidwa, pamene mudzi wa patsidya umene kudali kouma udapulumuka. Midzi ina ya m'zigawo za Gomel ndi Mogilev ku Belarus ndi Bryansk ku Russia, ina mwa iyo makilomita oposa 200 kuchokera ku Chernobyl, idalandira caesium wambiri kuposa malo ena a mkati mwa mzere uja. Mapu enieni atajambulidwa adali a mawangamawanga ngati chikopa cha kambuku.

Caesium-137 sathamangira kutha ngati ayodini. Mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha zaka 30, kotero kuti amene adagwa mu 1986 adafika patheka mu 2016. Amakhala m'dothi la pamwamba ndipo amalowa m'udzu, m'bowa, m'zipatso za kutchire, m'nyama ndi m'nsomba. N'chifukwa chake padafunika mapu osonyeza mudzi ndi mudzi, munda ndi munda.

Ntchito yojambula mapuwa idali ya mbali zitatu. Ndege ndi mahelikopita zinkauluka m'munsi, m'mizere yoongoka ngati munthu wolima mizere, zitanyamula zipangizo zozindikira cheza cha caesium kuchokera pansi. Magulu ena ankayenda m'midzi kudula timagawo ta dothi n'kukatiyeza ku labotale, kuti atsimikize zimene ndege zapeza. Ndipo akatswiri ankayerekeza zonsezi ndi mabuku a mvula a masiku amenewo, olembedwa ndi anthu wamba a m'masiteshoni a zanyengo, pofuna kudziwa kumene ayenera kuyang'ana. Malo ankawerengedwa oipitsidwa ngati caesium wafika ma becquerel 37,000 pa sikweya mita imodzi. Ndi muyeso umenewu, pafupifupi 23 peresenti ya dziko la Belarus idapezeka yoipitsidwa.

Chomvetsa chisoni ndi ichi: mapu oyamba adalipo kale m'chaka cha 1986, m'manja mwa nthambi ya boma yoona zanyengo imene mkulu wake adali Yuri Izrael, koma adasungidwa ngati chinsinsi cha boma. Anthu wamba adawaona m'nyuzipepala m'chaka cha 1989. Kwa zaka zitatu anthu ankalima, kukama ng'ombe ndi kuzula bowa m'malo amene pamapu a mu ofesi adali atapakidwa kale utoto wa chenjezo. M'zaka zotsatira anthu enanso pafupifupi 220,000 adasamutsidwa. Ndipo padatayika chinthu china chimene sichidabwererenso msanga. Anthu atadziwa kuti adabisiridwa, adasiya kukhulupirira nambala iliyonse yochokera kuboma, ngakhale yoona, ngakhale yowauza kuti mudzi wawo uli bwino. Lipoti la mabungwe a United Nations la m'chaka cha 2005 lidati vuto lalikulu koposa la zaumoyo wa anthu ambiri limene ngoziyo idasiya ndi la nkhawa ndi kusweka mtima. Mapu a caesium a Ulaya yense adasindikizidwa m'buku limodzi m'chaka cha 1998, mogwirizana pakati pa European Commission ndi maiko a Russia, Belarus ndi Ukraine.

Nkhosa za ku Wales ndi Cumbria

Mtambo uja udafika ku Britain pa 2 Meyi 1986, ndipo mvula yamphamvu idagwa m'mapiri a kumpoto kwa Wales, Cumbria ndi Scotland. Pa 20 Juni boma lidaletsa kugulitsa ndi kusamutsa nkhosa za m'madera ena, chifukwa nyama yake idapyola malire a ma becquerel 1,000 pa kilogalamu. Chiletsocho chidakhudza mafamu pafupifupi 9,800 ndi nkhosa zoposa 4 miliyoni. Alimi adauzidwa kuti ndi nkhani ya masabata atatu.

Asayansi adanena zimenezi chifukwa ankadziwa khalidwe la caesium m'dothi la makande la m'zigwa, limene limamugwira zolimba kuti asalowe m'mizu. Dothi la m'mapiri ndi lina, lakuda, lonyowa ndi la asidi, ndipo limamulola kulowa m'udzu chaka ndi chaka. Padakhazikitsidwa dongosolo loyeza nkhosa zamoyo ndi chipangizo chogunditsa pathupi. Yopyola malire inkapakidwa penti n'kupita nayo kumsipu wa m'chigwa kufikira itatsika. Chiletso cha masabata atatu chija chidachotsedwa pamafamu omaliza a ku Wales ndi Cumbria pa 1 Juni 2012, patapita zaka 26. Ku Sweden nako anthu a mtundu wa Sami, amene amaweta nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer, adatayitsa nyama yoposa theka ya zimene adapha m'nyengo yoyamba.

Ku Cumbria kudabukanso funso limene likutikhudza ife. Mapiri oipitsidwawo ali pafupi ndi fakitale ya nyukiliya ya Sellafield, imene kale inkatchedwa Windscale. Kumeneko kudabuka moto mu Okutobala 1957, ndipo mkaka wa m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 500 udatayidwa. Alimi adafunsa kuti: kodi caesium ali m'mapiri mwathuyu ndi wa Chernobyl yense, kapena wina adalipo kale? Padalibe mapu okwanira a mapiriwo a zaka za m'mbuyo oti n'kuwaonetsa. Pambuyo pake asayansi adasiyanitsa pogwiritsa ntchito caesium-134, amene amatha msanga ndipo adabwera ndi mtambo wa Chernobyl, ndipo adapeza kuti m'malo ena gawo lina la caesium lidali lakale, lochokera ku mabomba oyesedwa mumlengalenga ndi ku fakitale ija. Alimiwo sadalakwe kufunsa. Mkangano udatalika chifukwa padalibe buku la masiku abwino.

Zimene dziko lidaphunzira

Pa 26 Sepitembala 1986, miyezi isanu chichitikire ngoziyo, maiko a m'bungwe la International Atomic Energy Agency adagwirizana ku Vienna pangano lakuti dziko limene kwachitika ngozi ya nyukiliya lidziwitse anzake mwamsanga. Britain idakhazikitsa masiteshoni oyeza cheza usana ndi usiku m'chaka cha 1988. Germany ili ndi zipangizo pafupifupi 1,700 zomwazikana m'dziko lonse, ndipo aliyense akhoza kuona nambala zake pa intaneti.

Komabe kukhala ndi zipangizo sikudathetse chizolowezi chosunga nambala mu ofesi. Pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi mafunde a m'nyanja zidaononga ng'anjo za ku Fukushima ku Japan. Boma lidali ndi makompyuta otchedwa SPEEDI olosera kumene mphepo itengere fumbi, koma zimene adalosera sizidaperekedwe kwa anthu m'masiku oyamba. Anthu ambiri a m'tauni ya Namie adathawira kumpoto chakumadzulo, kumene fumbilo linkalowera. Mudzi wa Iitate, umene udali kunja kwa mzere wa makilomita 20, udalamulidwa kusamuka patapita mwezi woposa umodzi. Zitatero anthu wamba ongodzipereka adayambitsa gulu lotchedwa Safecast. Ankamangirira zipangizo za Geiger pagalimoto, n'kuyenda m'misewu, n'kuika nambala zonse poyera kuti aliyense aone za pakhomo pake.

Kwathu kuno

Wina afunsa kuti zikutikhudza bwanji ife, popeza ku Malaŵi kulibe ng'anjo ya nyukiliya. Ng'anjo tilibedi, koma mwala umene umayatsa ng'anjozo tili nawo. Ku Kayelekera, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma la Karonga, yureniyamu adapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kampani ya Paladin ya ku Australia idatsegula mgodi kumeneko mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itagwa. Mu 2020 mgodiwo udagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources, imene idayambiranso kukumba mu 2025. Madzi a m'dera limenelo amatsikira mumtsinje wa Sere, kenaka North Rukuru, mpaka m'nyanja ya Malaŵi. Ku Kanyika ku Mzimba nako miyala ya niobium ili pamodzi ndi yureniyamu.

Mgodi si ng'anjo, ndipo sungaphulike ngati Chernobyl. Zoyang'anira pamgodi ndi fumbi, madzi, zotsalira za miyala yogayidwa, ndi mpweya wotchedwa radon, umene umatuluka mwachilengedwe m'miyala ya yureniyamu. Bungwe la World Health Organization limati radon ndi mmodzi mwa zoyambitsa zazikulu za khansa ya m'mapapo pambuyo pa fodya. M'chaka cha 2015 padabuka mkangano pa nkhani yotayira madzi a pamgodi wa Kayelekera mumtsinje. Eni mgodi adati madziwo adali oyeretsedwa mokwanira, pamene anthu ena a m'deralo ndi mabungwe omwe si aboma adakayikira. Si ntchito yanga kuweruza nkhaniyi m'kalata muno. Chimene ndidaona ndi chakuti funso lake lidali lomwe lija la alimi a ku Cumbria: m'dera limene miyala yake ili kale ndi yureniyamu, nambala ya lero tiiyerekeza ndi iti, ndipo adaiyeza ndani?

Poyambira tili napo. Malaŵi adalowa m'bungwe la International Atomic Energy Agency mu 2006. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loona za mphamvu ya atomiki, limene lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Dziko lathu lidayezedwanso kuchokera mumlengalenga kawiri: koyamba mu 1984 ndi 1985, ndipo kachiwiri pa kafukufuku uja ankatchedwa Kauniuni, amene zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015. Ambiri mukukumbukira tindege tija tinkauluka m'munsi mpaka anthu m'midzi kuchita mantha. Zina mwa zipangizo zimene tidanyamula zidali zoyeza cheza cha yureniyamu, thorium ndi potaziyamu cha m'nthaka, njira yofanana ndi imene idajambula mapu a Belarus. Cholinga chidali kufufuza miyala ya mtengo wapatali, koma mapu omwewo akhoza kuthandiza a zaumoyo kudziwa madera oyenera kuyamba kuyeza madzi a m'zitsime ndi mpweya wa m'nyumba. Chofunika ndi chakuti nambala zoterezi zizifika kwa mfumu, kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kwa mphunzitsi wa m'deralo, m'chiyankhulo chimene akumva, zikhale zabwino kapena zoipa. Mapu a mu 1986 adajambulidwa bwino ndi akatswiri odziwa ntchito yawo, koma kwa zaka zitatu sadateteze mwana wa m'mudzi umene sudauzidwe.

Pempho langa

Nditabwera kumsonkhano wathu wapachaka ndidazungulira kuseri kwa labotale. Kabokosi koyera kaja kadadyedwa ndi chiswe, chitini cha mvula palibe, ndipo buku lachikuto chakuda palibe amene akulidziwa. Sindikuloza chala munthu, pakuti tonse tikudziwa mmene ndalama za sukulu zilili.

Ndikupempha komiti yathu kuti pa zimene tikusonkha chaka chino, pambali pa penti ya holo ndi yunifolomu ya timu ya mpira, tipatule kangachepe kokonzera malo oyezera nyengo aja, ndi kugulira labotale chipangizo chimodzi cha Geiger cha m'manja. Ana aziyeza mvula tsiku lililonse monga tinkachitira ife, ndipo kamodzi pasabata aziyeza cheza pamalo amodzi omwewo, pabwalo, m'kalasi ndi pamjigo, n'kulemba tsiku, nthawi ndi dzina la woyeza. Ndikuyembekeza kuti kwa zaka zambiri nambalazo zizidzangofanana, ndipo ana adzadandaula monga tinkadandaulira ife. Koma mwa anawa mudzatuluka amene adzagwire ntchito ku migodi, ku zipatala, ku nthambi ya zanyengo ndi m'maofesi a bajeti ngati yanga, ndipo ndi bwino adzafike kumeneko atazolowera kale kupita kukayeza ngakhale tsiku limene palibe chachilendo.

Ine ndalonjeza kwa msungichuma wathu kuti buku latsopano ndi chitini cha mvula ndigula ndekha. Mnzanga amene tidakumba naye dzenje lija amawerenga kalatayi, ndipo akudzidziwa. Ndikuyembekeza kuti matabwa a kabokosi achokera kwa iye.